Kodi mumadziwa?

Filimu yokhala ndi mawu a mtundu wa Dolby Atmos ingamveke pa masipika okwana 34 m'chipinda chimodzi kunyumba: 24 ozungulira owonera ndi 10 akudenga, osawerengera sipika ya mabesi.

Chinsinsi chake chili mu purosesa, makina amene amagawa mawu ku masipika. Mwachitsanzo, okonza filimu sakhazikitsa phokoso la ndege pa sipika inayake. Amangolemba pamene ndegeyo ili ndi kumene ikulowera, ndipo purosesa ndi imene imasankha masipika oti alitulutse. N'chifukwa chake filimu yomweyo imamveka bwinonso m'chipinda cha masipika ochepa.

Musanagule, dziwani kuti purosesa payokha singalize sipika ngakhale imodzi, ikhale yodula bwanji. Imafuna ma amplifier apadera, ndipo nawonso amadya ndalama zambiri.