KODI MCENGA WA PAGOMBE UMAPITA KUTI?

Alimi anzathu, ambiri a ife taonapo mvula ikukokolola nthaka m'minda mwathu, koma ndi owerengeka amene anadzifunsapo kumene nthakayo imakathera. Lero tifuna kuilondola kufikira pansi pa nyanja, ndipo citsanzo cathu titenga ku Durban, m'dziko la South Africa, kumene abale athu ambiri anapita kukagwira nchito.

Mcenga wa pagombe la nyanja yamcere, wambiri umacokera kumtunda. Mitsinje ikadzala imanyamula miyala, mcenga ndi matope. Miyala imatsalira m'njira cifukwa ca kulemera kwace. Mcenga umagwa pamathiriro, ndipo mafunde amaumwaza m'mbali mwa gombe. Koma matope, pokhala opepuka, amayandama masiku ambiri nakagwa kutali, pamadzi akuya.

Tsono mcengawo sukhala malo amodzi ai. Pa nyengo ya namondwe mafunde amakula ndipo amabwera motsatizana msanga. Madzi amene aunjikidwa pagombe amabwerera kunyanja codzera pansi, nakoka mcenga kunka nao kumene mafunde amaswekera. Kumeneko umaunjikana ngati mzere waukulu wa m'munda, wogona motsata gombe koma wobisika m'madzi. Mzere umenewu uli ndi nchito, pakuti mafunde akulu amayamba kusweka pamenepo ndipo amafika pagombe mphamvu zitacepa. Bata likabwera, mafunde ang'ono amakankha mcengawo pang'onopang'ono kubwerera kumtunda. Cotero pansi pa nyanja pali ngati nkhokwe: namondwe amatutiramo, bata limatapamo. Koma kututira kumatha masiku awiri, pamene kutapa kumatenga miyezi kapena zaka.

Izi zinaoneka pa 19 ndi 20 March 2007, pamene mafunde oopsa anagunda gombe la KwaZulu-Natal pa nthawi imene nyanja inali yodzala koposa. Mcenga unacoka, miseu ndi nyumba za m'mbali zinagumuka. Pambuyo pace mcenga wina unabwerera, koma osati wonse. Cifukwa cace ndi ici: mphamvu ya mafunde imacepa pamene madzi akunka nazama. Pa magombe ambiri, kupitirira kuya kwa mamita 10 kapena kuposerapo pang'ono, mafunde a masiku onse sathanso kuyendetsa mcenga wambiri. Umene namondwe wautaya kuseri kwa malire amenewo subwerera msanga.

Kunja kwa gombe la kum'mawa kwa South Africa kulinso mtsinje wa m'nyanja wochedwa Agulhas, umene umathamanga kulowera kumwera. M'caka ca 1978 katswiri wina, Burghard Flemming, anafotokoza za zulu zazikulu za mcenga, zina zazitali kuposa nyumba, zimene madzi amenewa amaziyendetsa pansi pa nyanja.

Palinso ulendo wina. Mafunde akafika pagombe mopendekera amasuntha mcenga motsata gombe, ndipo ku Durban amausuntha kucokera kumwera kunka kumpoto. Pamene anamanga makoma atali pakhomo pa doko kuti zombo zizilowa bwino, makomawo anachinga mcenga kumwera, ndipo magombe a mzinda, amene ali kumpoto, anayamba kudyeka. Tsono anayamba kukumba mcengawo ndi zombo, ndipo kuyambira caka ca 1982 anaupopera m'mipope kufikira kumagombewo. Nchito imene nyanja inali kucita yokha, anthu anayamba kuilipira ndi ndalama zambiri. Bvuto linakula cifukwa madamu amagwira mcenga usanafike kunyanja, ndiponso anthu amaukumba m'mitsinje kukamangira nyumba. Nkhokwe yongotapa osaikamo imatha.

Nanga ife olima cimanga ndi fodya zitikhudza bwanji? Nyanja yathu ya Malawi imacitanso cimodzimodzi. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, mafunde amasuntha mcenga wa pagombe, ndipo asodzi amadziwa kuti pokocezera bwato pamasintha. M'dzinja mitsinje ya Linthipe, Bua ndi Dwangwa imathira madzi ofiira m'nyanjamo. Kufiirako ndi nthaka ya pamwamba ya minda yathu, imene ili ndi cakudya ca mbeu. Mcenga ungatsale pagombe, koma nthaka yaconde imapitirira kumadzi akuya, ndipo nyanja yathu kumpoto imazama pafupifupi mamita 700. Palibe funde limene lidzaibweza. Ndiponso matopewo amaphimba ndere za pamiyala zimene nsomba zimadya, ndi kudetsa malo amene cambo cimaswerana.

Cifukwa cace tikupemphani zinthu zinai. Ungani mizere yopingasa citunda motsata akalozera, osati yotsetsereka ndi madzi. Tsekani mizere m'kati kuti mvula ilowe pansi pomwe yagwera. Musalime kufikira m'mphepete mwa mtsinje, koma siyani bango, udzu ndi mitengo zigwire nthaka. Musalole kukumba mcenga mwacisawawa m'mitsinje ndi pagombe. Kambiranani ndi a mfumu za malo oyenera.

Gombe limalandira mcenga wace namondwe akatha, koma munda sulandiranso nthaka imene yacoka. Ngati simudziwa kayezedwe ka akalozera, pitani kwa Mlangizi wa kwanu mvula isanagwe, ndipo iye adzakuthandizani.