Lumo ndi Mwana Wamwamuna m'Nthawi ya Mfumukazi Victoria

Lero tikupita nanu ku Mangalande, m'zaka zimene Mfumukazi Victoria anali pampando, kuyambira 1837 mpaka 1901. Nkhani yathu ndi ya tsitsi la ana aamuna, ndi ya anthu amene ankagwira lumo.

Atakupatsani chithunzi cha nthawi imeneyo, mwana wa zaka zitatu atavala diresi, tsitsi likugwera m'mapewa, mukhoza kulumbira kuti ndi mtsikana. Musafulumire. Ana aang'ono, aamuna ndi aakazi omwe, ankavala madiresi, chifukwa kusintha thewera kunali kosavuta, komanso diresi silithina msanga mwana akamakula. Odziwa zithunzi zakale amayamba ayang'ana seda. Mtsikana ankamupesa mzere pakati pamutu, pomwe mnyamata ankamudula seda chakumbali. Si onse ankatsata zimenezi, koma kawirikawiri chipeso ndicho chimaulula.

Tsiku lalikulu linkafika mnyamata akakhala ndi zaka zapakati pa zinayi ndi zisanu ndi ziwiri. Ankamuvula diresi, n'kumuveka kabudula kapena buluku lake loyamba, ndipo m'mabanja ambiri lumo linkabwera nthawi yomweyo. Bambo ankafuna kuti zichitike msanga. Mayi ankazengereza, ndipo tikhoza kuwamvetsa. M'banja lolemera, mwana akangometedwa ndiye kuti wayamba kuchoka m'manja mwa mayi ake ndi mlezi wake. Pofika zaka zisanu ndi zitatu ambiri ankatumizidwa kusukulu yogonera komweko, kumene wofika ndi tsitsi lalitali ankasanduka choseketsa cha anzake. N'chifukwa chake mayi ankatola katsitsi kopotana kamene kagwa pansi, n'kukakulunga m'pepala, n'kulembapo dzina ndi tsiku. Ena ankakaika m'kachikwama kakang'ono kachitsulo kovala m'khosi. Kusunga tsitsi la wokondedwa sichinali chachilendo: Mfumukazi Victoria naye ankavala tsitsi la mwamuna wake Albert motero, iye atamwalira mu 1861.

Mnyamata wa pasukulu tsitsi lake linkakhala lalifupi, lopesedwa bwino, logonekedwa ndi mafuta ngati mmene ankachitira bambo ake. Ena ankadzola mafuta a chimbalangondo, koma otchuka kwambiri anali mafuta a Macassar, amene banja la Rowland linkagulitsa mu London. Mafutawa ankathimbiriritsa mipando, motero amayi anayamba kuluka tinsalu toyala pamsana pa mpando kuti mutu wonona usaononge katundu. Tinsalu timene timakongoletsa mabalaza ambiri lero, kumeneko tinali chishango.

Tsopano tiyeni titsike kumakwalala. Mwana wa m'banja losauka analibe womupotera tsitsi. Mayi ankamuvundikira bakuli pamutu, n'kudula lonse lotulukira kunja kwa bakulilo, basi yatha. Amene umphawi unawafikitsa ku workhouse, nyumba zosungira amphawi zimene zinachuluka lamulo la amphawi la 1834 litakhazikitsidwa, ankalandiridwa ndi bafa ndi sizasi. Ana ankawameta pafupifupi mpala. Chifukwa chake chinali chomveka, pakuti nsabwe ndi chipere zinkafala msanga m'zipinda zogona ana ambiri. Koma mutu wometedwa chotero unkalengezanso mumsewu kuti mwanayu akudyera kwa boma, ndipo palibe amene ankasunga tsitsi lake m'pepala.

Thomas Barnardo, amene anatsegula nyumba yosungira anyamata a m'misewu ku Stepney mu 1870, ankadziwa mphamvu ya maonekedwe amenewa. Ankajambulitsa ana kawiri: koyamba ali m'sanza, tsitsi lili nyankhalala, kachiwiri atasamba, atametedwa, ali pantchito. Zithunzizo ankagulitsa kuti apeze ndalama zoyendetsera nyumbayo. Mu 1877 anaimbidwa mlandu woti zina mwa zithunzizo ankachita kuzikonza kuti ana aoneke omvetsa chisoni kuposa mmene anawapezera.

Kenako panabwera buku limene linasautsa anyamata ambiri a m'mabanja opeza bwino. Frances Hodgson Burnett, mayi wobadwira ku Manchester amene anasamukira ku America ali mtsikana, anatulutsa Little Lord Fauntleroy mu 1886, nkhaniyo itayamba yatuluka pang'onopang'ono m'magazini ya St. Nicholas. Ndi nkhani ya Cedric, mnyamata wa ku New York amene akupezeka kuti ndi mdzukulu wa mkulu wina wolemekezeka wa ku Mangalande. Reginald Birch anamujambula atavala suti ya veleveti, kolala yoluka yotambalala, ndi tsitsi lopotana lofika m'mapewa, potengera maonekedwe a Vivian, mwana wa wolembayo.

Amayi anagwa nacho m'chikondi chithunzicho. Fashoniyi inakula kwambiri ku America, koma ku Mangalande nako inazika mizu, makamaka sewero lake litayamba kuonetsedwa mu London mu 1888. Ndipo tamverani izi: amene ankasewera ngati Cedric anali mtsikana, Vera Beringer. Vuto linali lakuti si mwana aliyense anabadwa ndi tsitsi lopotana. Madzulo mayi kapena wantchito ankanyowetsa tsitsi, n'kulikulunga pang'onopang'ono m'tinsanza kapena m'timapepala, mwana n'kugona ndi mfundo mutu wonse. Zikakanika, ankawotcha kachitsulo kopotera pamoto, khutu lili pafupi pomwepo. M'mawa ankatuluka atakongola, n'kukakumana ndi anyamata a mumsewu ometa mwa bakuli aja. Zimene zinkachitika pamenepo aliyense amene anakhalapo mwana akhoza kuziganizira. Anyamata ena anafika zaka zisanu ndi ziwiri kapena kupitirira lumo lisanawakhudze, pamsinkhu umene bambo awo anali atameta kale.

M'chaka cha 1886, chomwe buku lija linatuluka, katswiri wojambula John Everett Millais anaonetsa chithunzi cha mdzukulu wake William James, kamnyamata ka tsitsi lopotana, katavala veleveti, kakuyang'ana thovu la sopo likuuluka. Chithunzicho chinadziwika ndi dzina loti Bubbles. Kampani ya sopo wa Pears inachigula n'kuchisandutsa chotsatsira malonda, ndipo nkhope ya mwanayo inafika m'nyumba ndi m'masitolo dziko lonse. William James anameta, analowa usilikali wa pamadzi, anakwera mpaka kufika pa udindo wa Admiral, ndipo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anali mkulu wa asilikali a pamadzi ku Portsmouth. Anzake a usilikali ankamutchabe Bubbles mpaka kukalamba.