Mphoto za akatswiri a kadyedwe ndi ife odya nsima kuno ku Britain

Ambiri mwa ife amene tikukhala kuno ku Britain timagwira ntchito m'zipatala ndi m'nyumba zosamalira okalamba, choncho munthu wotchedwa dietitian si mlendo kwa ife. Timamuona akulowa mu wodi ndi cholembera, akufunsa kuti wodwala wadya zochuluka bwanji, akuyang'ana zomwe sikelo yanena, kenaka n'kulemba malangizo amene ife timawatsatira pa nthawi ya chakudya. Komabe wodwala akachira n'kumatuluka, abale ake amathokoza dokotala ndi anamwino. Katswiri wa kadyedwe uja dzina lake silitchulidwa, ngakhale kuti ndiye anawerengera chakudya chimene chinkadutsa m'kapaipi ka m'mphuno pa masabata amene wodwalayo sankatha kumeza.

Ntchito imeneyi zipatso zake zimavuta kuloza ndi chala. Wochita opareshoni amasiya chipsera chimene wina aliyense angachione. Koma dietitian akagwira bwino ntchito yake, chomwe chimachitika n'chakuti bala limapola msanga, gogo sawonda, ndipo wodwala shuga sadulidwa mwendo. Tsoka limene lapewedwa silikhala ndi mboni. Ife tikuona kuti n'chifukwa chake mabungwe a akatswiriwa anayamba kalekale mwambo wopereka mphoto chaka ndi chaka, kuti odziwa kuvuta kwa ntchitoyo aziyamikirana okhaokha.

Ku America bungwe lawo linakhazikitsidwa m'chaka cha 1917 mumzinda wa Cleveland, nkhondo yoyamba ya dziko lonse ili mkati. Poyamba linkatchedwa American Dietetic Association, ndipo mu 2012 linasintha dzina kukhala Academy of Nutrition and Dietetics. Mphoto yake yaikulu koposa zonse ili ndi dzina la mayi Marjorie Hulsizer Copher. Mayiyu anapita ku France mu 1917 ndi gulu la achipatala ochokera ku Boston, ndipo ankayang'anira chakudya cha asilikali ovulala a Britain. Mfumu George V komanso boma la France anamulemekeza chifukwa cha ntchitoyo. Pambuyo pake anakhala mkulu wa za kadyedwe pa chipatala cha Barnes ku St. Louis. Anamwalira mu 1935, ndipo mphoto yomukumbukira, imene mwamuna wake Dr. Glover Copher anaikhazikitsa, inayamba kuperekedwa mu 1945.

Kuno kumene tili, bungwe la British Dietetic Association linabadwa mu 1936. Nalonso kwa zaka zambiri lakhala likupereka mphoto zotchedwa mayina a amayi amene analambula njira. Ina ndi ya Rose Simmonds, namwino amene anayambitsa ntchito ya kadyedwe ka odwala pa London Hospital m'zaka za m'ma 1920, ndipo imapita kwa amene wachita kafukufuku n'kumusindikiza. Ina ndi ya Elizabeth Washington, yoyamikira ntchito yophunzitsa. Tinene pano kuti m'dziko muno dzina lakuti dietitian ndi lotetezedwa ndi lamulo. Palibe angadzitchule choncho popanda kulembetsa ku Health and Care Professions Council. Aja amene amatigulitsa tiyi wochepetsa thupi pa Facebook, ngakhale atavala chovala choyera pachithunzi, sali m'gulu limeneli.

Wina angafunse kuti zonsezi zikutikhudza bwanji ife, popeza mphoto amalandira ndi ena, chakudya cha pamwambo amadya ndi ena. Yankho lathu n'lakuti mphoto imaloza njira. Ntchito imene yayamikiridwa pagulu ndi imene achinyamata ophunzira amaitengera, ndi imenenso opereka ndalama za kafukufuku amaikumbukira. Ndiye funso loyenera kulifunsa ndi lakuti, kodi ntchito zimene zikuyamikiridwazo zikufika pa mbale yathu?

Nkhaniyi si yamasewera. Bungwe la Diabetes UK limanena kuti anthu akuda ochokera ku Africa ndi ku Caribbean chiopsezo chawo chodwala shuga wa mtundu wachiwiri chimayamba kukwera akafika zaka 25, pamene kwa azungu chimayamba pa zaka 40. Tonse tikudziwa m'bale wina kutchalitchi kapena kumzikiti amene anauzidwa kuti shuga wakwera, n'kutumizidwa kwa dietitian. Kumeneko amapatsidwa pepala lokongola lokhala ndi zithunzi za pasta, buledi wabulauni ndi mbatatesi yootcha. Munthu amavomera mwaulemu, monga tinaleredwera, n'kubwerera kunyumba kukathira ufa mumphika. Palibe wamuuza kuti mtanda umodzi wa nsima ukufanana ndi magawo angati a buledi, kapena ngati mgaiwa uli bwino kuposa ufa woyera, kapena kuti kondowole achite naye bwanji. Wodwala impso amauzidwa kuti asamale ndi nthochi, tomato ndi mtedza chifukwa cha potaziyamu, koma sanafunsidwe kuti ndiwo zake amatendera ndi nsinjiro kangati pa sabata. Ena amangomva ngati auzidwa kuti asiye nsima, ndipo Mmalawi akamva zimenezo sabwereranso kuchipatala.

Sitikuimba mlandu akatswiriwa. Munthu amalangiza zimene anaphunzira, ndipo zimene anaphunzira zinachokera m'mabuku amene analipo. Buku limene akatswiri a kadyedwe kuno amadalira pofuna kudziwa zomwe zili m'chakudya chilichonse linayamba ndi Robert McCance ndi Elsie Widdowson, amene analitulutsa koyamba mu 1940 atayeza zakudya za anthu a kuno chimodzi ndi chimodzi. Awiriwa anafika podziyesa okha, kudya chakudya choperewera cha nthawi ya nkhondo kwinaku akukwera mapiri a ku Lake District kuti aone ngati thupi lingapirire. Inali ntchito yaikulu, ndipo Widdowson analandira ulemu wochuluka asanamwalire mu 2000. Koma bonongwe, chigwada ndi usipa sizinali pa tebulo lawo.

Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zomwezo, kuyambira 1938, gulu lotsogozedwa ndi Dr. B. S. Platt linali m'midzi ya m'boma la Nkhotakota likuyeza zimene makolo athu ankadya. Kafukufuku ameneyu anasokonezedwa ndi nkhondo, ndipo zolemba zake zinakhala zaka zambiri zisanasindikizidwe. Dziko la Malawi linadzakhala ndi buku lakelake lofotokoza zomwe zili m'zakudya zathu mu 2019, lokonzedwa mothandizana ndi sukulu ya LUANAR ku Bunda. Ndi m'zaka za m'ma 2010 zomwezo pamene LUANAR pamodzi ndi College of Medicine anayamba kuphunzitsa ma dietitian kumudzi. Kale dziko lonse linkadalira ochepa kwambiri amene anaphunzira kunja.

Kunonso zinthu zikusuntha. Ku King's College London, katswiri wa kadyedwe Louise Goff anatsogolera ntchito yotchedwa HEAL-D, maphunziro a odwala shuga a ku Africa ndi ku Caribbean amene anakonzedwa pokambirana ndi eni akewo, ndipo amakamba za zakudya zimene anthuwo amaphikadi. Ntchito zamtundu umenewu ndi zimene ife tikufuna kuti ziziitanidwa kutsogolo pa tsiku la mphoto. Koma tisabise, ngakhale m'mabuku ndi m'mapepala okamba za zakudya za ku Africa, kawirikawiri mumadzaza jollof, fufu ndi egusi, chifukwa abale athu a ku Nigeria ndi ku Ghana ndi ochuluka ndipo amalankhula. Ife, anzathu a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe, amene timakumana pa mphika umodzi wa chimanga, timangokhala chete.

Mphoto za mabungwe akuluakulu aja kawirikawiri mayina amaperekedwa ndi akatswiri okhaokha, choncho ife kumeneko tilibe voti. Koma zipatala zambiri za NHS zili ndi mphoto zawozawo za ogwira ntchito, ndipo zina mwa izo zimalola odwala ndi abale awo kutchula dzina la amene anawathandiza. Ngati munakumana ndi dietitian amene anakufunsani kuti nsima n'chiyani, n'kukhala nanu pansi kuyerekeza kukula kwa mtanda ndi chibakera chanu, lembani kalata ku ofesi ya PALS ya chipatalacho. Tchulani dzina lake, mwezi umene munaonana, ndi zimene zinasintha pa zotsatira za magazi anu. Amene timagwira ntchito m'mawodi tingachitenso chimodzimodzi mafomu a mphoto akamazungulira. Ndipo ana athu amene akusankha maphunziro a ku yunivesite tiwauze kuti kupatula unamwino ndi udokotala kulinso dietetics, maphunziro a zaka 3 kapena 4, ndipo akamaliza amalembetsa ku khonsolo ija n'kuyamba ntchito m'chipatala.