Injini yatsopano m'lole yakale: zimene eni magalimoto ku Lundazi ayenera kudziwa

LUNDAZI. Nyengo ya malonda a mbewu ikafika, cimanga, nshawa, soya ndi thonje za m'boma la Lundazi zimacoka m'midzi pa malole ang'onoang'ono okalamba. Ambiri mwa malolewa ndi a mtundu wa Mitsubishi Canter, Isuzu Elf ndi Toyota Dyna, amene anagwirapo kale nchito ku Japan asanabwere kuno. Ndiwo amatula matumba ku madepoti a kabungwe ka Food Reserve Agency ndi kwa ogula mbewu, ndipo ena amayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 180 kupita ku Chipata.

Kawirikawiri injini ya lole yotere imatha thupi likali lolimba. Zikatero mwini wake amasankha pa njira zitatu: kuikonzanso, kugula ina yakale ya mtundu womwewo, kapena kuika injini ya masiku ano. Njira yacitatuyi imakopa cifukwa injini zatsopano zimakoka kwambiri ndipo zimamwa dizilo wocepa. Koma injinizi zinapangidwa motsatira malamulo okhwima oletsa utsi a maiko ena, ndipo zili ndi zofuna zake. Woziika asanamvetse zofunazo angataye ndalama za zokolola za caka conse.

Kumene malamulo a utsi anacokera

Mu utsi wa dizilo muli zinthu ziwiri zoopsa. Coyamba ndi mwaye, umene tizidutswa take tating'ono kwambiri timalowa mkati mwa mapapo. Caciwiri ndi mpweya wochedwa NOx, umene umapweteka cifuwa ndi kukulitsa matenda a mphumu. Mu June 2012 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la zaumoyo la World Health Organization inalengeza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo.

Maiko a ku Ulaya anakhazikitsa muyeso wa utsi wa malole wochedwa Euro I mu 1992, ndipo anapitiriza kukhwimitsa mpaka Euro VI, umene unayamba kukhudza malole onse atsopano kumapeto kwa 2013. Ku Japan, mzinda wa Tokyo unaletsa mu October 2003 malole akale a dizilo opanda sefa ya utsi kuyenda m'misewu yake. Malamulo otere ndi cimodzi mwa zifukwa zimene eni malole a kumeneko amawagulitsira kunja akali ndi mphamvu.

Ku California, m'dziko la America, kusintha injini kuli ndi lamulo lake. Injini yoikidwayo iyenera kukhala ya caka cimodzi ndi galimotoyo kapena yatsopano kuposa pamenepo, zipangizo zake zonse zoletsa utsi ziyenera kusamuka nayo, ndipo galimotoyo imakapimidwa isanaloledwe pamsewu. Kuyambira pa 1 January 2023, pafupifupi malole onse akuluakulu a dizilo kumeneko amafunika kukhala ndi injini ya 2010 kapena ya pambuyo pake. Mfundo ya lamuloli ndi yakuti injini imakhala yaukhondo pokhapokha ngati yabwera yathunthu.

Kusiyana kwa injini yakale ndi yatsopano

Injini zakale monga 4D33 ya Canter, 4HF1 ya Elf ndi 14B ya Dyna zimayendera pampu ya zitsulo zokhazokha. Zikapeza dizilo, mpweya ndi batire loziliza, zimapita. Makanika wodziwa amamva vuto ndi khutu ndipo amalikonza ndi masipanala, ngakhale pansi pa mtengo.

Injini zatsopano monga 4JJ1 ya Isuzu ndi 4P10, imene inayamba kuikidwa mu Canter mu 2010, zimayendera njira yochedwa common rail. Dizilo amapanikizidwa kufika pa mabar 1,600 kapena kuposa, ndipo kompyuta ndiyo imalamula kuculuka kwake ndi nthawi yomuthira, itamva kaye zimene timasensa tambiri tikuiuza. Pamwamba pa izi pali zipangizo zoyeretsa utsi. EGR imabweza utsi wina mu injini kuti moto usatenthe kwambiri, motero NOx amacepa. DPF ndi sefa ya pa paipi ya utsi imene imagwira mwaye. Injini zina zilinso ndi SCR, imene imathira madzi ochedwa AdBlue mu utsi kuti NOx asanduke mpweya wosapweteka ndi nthunzi.

Cotero wogula injini yokha wagula theka la katundu. Pamafunikanso kompyuta yake, mawaya ake onse, copondera mafuta ca magetsi, paipi ya utsi ndi sefa yake, ndiponso thanki ya AdBlue ngati injiniyo imaifuna. Injini zina sizilira popanda kiyi imene kompyutayo imaidziwa. N'cifukwa cake odziwa amagula mutu wonse wa lole wodulidwa, umene ogulitsa amaucha half-cut, kuti zonse zibwere pamodzi.

Poika pamakhalanso nchito ina. Giyabokosi yakale mwina siigwirizana ndi injiniyo kapena siipirira mphamvu yake. Zogwirira injini pa chassis zimafuna kuocereranso, rediyeta ingacepe, ndipo magetsi a malole ena ndi a mavoti 24 pamene ena ndi a 12. Mabuleki nawo ayenera kuonedwa, popeza lole yothamanga kuposa kale, itasenza matumba, imafuna mtunda wautali kuti iime.

Nkhani ya dizilo

Kwa zaka zambiri copinga cacikulu m'Zambia cinali dizilo yemweyo. Fakitale yoyenga mafuta ya Indeni ku Ndola, imene inatsegulidwa mu 1973, inali kutulutsa dizilo wa sulufule wambiri, magawo zikwi zingapo pa miliyoni. Sulufule amawononga sefa ya DPF ndi zipangizo zina zoyeretsa utsi. Indeni itasiya kuyenga, paipi ya TAZAMA ya makilomita 1,710 yocokera ku Dar es Salaam inasinthidwa, ndipo mu 2023 inayamba kubweretsa dizilo woyengeratu wa sulufule wocepa. Muyeso wa dizilo wotere ndi magawo 50 pa miliyoni. Uku ndi kusintha kwakukulu, ngakhale kuti ku Ulaya malire ndi magawo 10 kuyambira mu 2009, ndipo injini za Euro VI zinapangidwira dizilo ameneyo.

Kwa woyendetsa wa ku Lundazi vuto lina lili pafupi. Kumidzi yotalikira malo omwetsera mafuta, dizilo amasungidwa m'madiramu ndi m'zigubu, mmene mumalowa fumbi ndi madzi, ndipo ogulitsa ena osakhulupirika amasakaniza palafini. Injini yakale imatsokomola n'kupitiriza ulendo. Mainjekita a common rail ali ndi timabowo topyapyala ngati tsitsi la munthu, ndipo dizilo wakuda angawononge onse pamodzi ndi pampu pa ulendo umodzi. Kuwakonza kumafuna makina opimira ndi katswiri, zimene zingacititse kuti lole ikokedwe mpaka ku Chipata kapena ku Lusaka pakati pa nyengo ya malonda.

Sefa ya DPF nayo ili ndi khalidwe lake. Ikadzaza, injini imaitenthetsa kufika pa madigiri pafupifupi 600 kuti mwaye upse. Izi zimatheka bwino pa ulendo wautali wa pa tara. Lole yoyenda pang'onopang'ono m'misewu ya mabampu, ndi kuima nthawi yaitali pa depoti injini ikulira, imadzaza sefa msanga. Nyali yocenjeza ikayaka ndipo woyendetsa akainyalanyaza, kompyuta imacepetsa mphamvu, lole n'kumakwawa. Opanga malole amacenjezanso kuti pa nthawi yowocha sefa lole isaimikidwe pa udzu wouma, cinthu cofunika kukumbukira m'cilimwe pafupi ndi milu ya thonje. Mafuta ofewetsa injini ayenera kukhala a phulusa locepa, opangidwira injini za DPF.

Za AdBlue, alimi angakopeke atamva kuti muli urea. Ndi zoona kuti magawo 32.5 pa 100 ndi urea ndipo otsalawo ndi madzi, koma zonse ziwiri ndi zoyeretsedwa mwapadera. Feteleza wa m'thumba wosungunula m'madzi a pa mjigo amatseka ndi kuwononga cipangizo conse.

Kudula sefa

Pothawa mavutowa, ena amacotsa DPF, kutseka EGR ndi kusintha malamulo a m'kompyuta. Ku America ndi m'maiko a ku Ulaya kuyendetsa lole yotere pamsewu ndi mlandu. Injini yodulidwa motere imabwerera kutulutsa mwaye ndi NOx, ndipo ngati nchitoyo yagwiridwa mosadziwa, kompyuta imaona ngati pali vuto n'kucepetsa mphamvu. Mwini lole amakhala atalipira mtengo wa injini yaukhondo, koma watsala ndi utsi wa injini yakale pamodzi ndi kuvuta kwa yatsopano.

Opuma utsiwo ndi anthu odziwika: anyamata okweza matumba, okwera kumbuyo kwa lole, amai ogulitsa m'mbali mwa msewu ndi woyendetsa yemwe. Lipoti la bungwe la United Nations loona za cilengedwe la UNEP, limene linatuluka mu February 2024, linati magalimoto olemera amatulutsa magawo oposa 40 pa 100 a NOx wa pamsewu, ndi magawo oposa 60 pa 100 a tizidutswa ta utsi tolowa m'mapapo.

Zimene malamulo a kuno amafuna

Malamulo a Zambia sanafike pa kukhwima kwa California, ndipo lole siicotsedwa pamsewu cifukwa ca caka ca injini yake. Koma kusintha injini si nkhani ya m'garaja mokha. Buku la galimoto, limene ambiri amalicha white book, lili ndi nambala ya chassis ndi nambala ya injini. Injini ikasintha, mwini wake ayenera kudziwitsa kabungwe ka Road Transport and Safety Agency, RTSA, kamene kanakhazikitsidwa ndi lamulo la pamsewu la 2002, kuti bukulo likonzedwe. Ndi nzeru kusunga lisiti ya kumene injini inagulidwa ndi mapepala a kasitomu a Zambia Revenue Authority, popeza apolisi amafuna umboni wakuti si yobedwa. Nambala zikasiyana ndi za m'buku, pangabuke mavuto pa zipata za apolisi, popima fitness, podutsa malire a Lusuntha kapena Mwami, ndiponso pofuna cipukuta misozi ku kampani ya inshuwalansi.

Msonkho wa utsi umene eni magalimoto amalipira umawerengedwa potengera kukula kwa injini, osati kuculuka kwa utsi wotuluka. Conco injini yokulirapo ingakweze msonkhowo. Kuyang'anira kuipitsidwa kwa mpweya m'dziko muno ndi udindo wa kabungwe ka ZEMA, kamene kanabwera ndi lamulo la zacilengedwe la 2011.

Kumene Africa akulowera kukuoneka. Maiko a kumadzulo a m'bungwe la ECOWAS anagwirizana za muyeso wa Euro 4 mu 2020, ndipo a East African Community anacita cimodzimodzi mu 2022. Woika ndalama zambiri mu injini yodulidwa lero angadzavutike malamulo otere akadzafika kuno.

Posankha

Musanalipire, funsani zinthu zinayi. Kodi injiniyo yabwera ndi kompyuta, mawaya ndi paipi yake ya utsi? Kodi makanika wokhala ndi makina opimira ali pa mtunda wotani? Kodi dizilo woyera, mafuta oyenera ndi AdBlue muzizipeza kuti nthawi zonse? Kodi mapepala ake ndi okwanira?

Kwa lole yoyenda maulendo ataliatali pa tara, kucokera ku Lundazi kudzera ku Chipata mpaka ku Lusaka, injini yatsopano yoikidwa yathunthu ingabweze ndalama zake pa dizilo. Kwa lole ya m'misewu ya kumidzi, nthawi zambiri canzeru ndi kukonzanso bwino injini yakale. Kupimitsa pampu ndi mainjekita, kusintha sefa ya mpweya pa nthawi yake m'nyengo ya fumbi, ndi kupewa kusenzetsa lole mopyola muyeso kumacepetsa kwambiri utsi wakuda. Utsi umenewo ndi dizilo wosapsa bwino, amene mwini lole anamugula ndi ndalama zake.