Firiji ikangolira "tiki" osazizira

Mwezi wa October ukafika, amisiri okonza mafiriji sapuma. Amayi ogulitsa thobwa ndi madzi ozizira, eni mabutchala, onse amabwera ndi dandaulo limodzi: nyali ya mkati ikuyaka koma firiji sikuzizira. Kumbuyo kwake kumamveka kung'ung'udza pang'ono, kenaka "tiki", ndiye zii. Pakapita mphindi zingapo, chimodzimodzi. Ambiri amathamangira kuti gasi watha kapena kompuresa yapsa, chonsecho nthawi zambiri chafa ndi relay, kachipangizo kochepa ngati bokosi la machesi kamene kamalumikizidwa m'mbali mwa kompuresa.

Mota ya mu kompuresa ili ndi makoyilo awiri. Ina imagwira ntchito nthawi yonse, inayo ndi yongodzutsira. Relay imalowetsa magetsi ku koyilo yodzutsirayo kwa sekondi imodzi kapena ziwiri, nkuidula. M'mafiriji ambiri a masiku ano relay imakhala ya mtundu wa PTC. Mkati mwake muli kambale kozungulira kamene kakatentha kamatsekereza magetsi. Kambaleko kakasweka, relay imalira tizidutswa ukaigwedeza pafupi ndi khutu, mwinanso kununkha chopserera. Mota ikalephera kudzuka imakoka magetsi ochuluka mpaka overload, yoteteza kompuresa, imadula. "Tiki" uja ndi ameneyo.

Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wazula pulagi, ndipo ngati pali kapasita amaichotsa magetsi otsalira. Amajambula mawaya ndi foni asanasolole ngakhale umodzi. Akachotsa chivundikiro cha m'mbali mwa kompuresa, pamaoneka timisomali titatu: C, S ndi R, kamene makampani ena amakalemba M. Apa ndi pamene kompuresa zabwinobwino zimaphedwera. Makampani sayala timisomalito mofanana, ena C ali pamwamba, ena pansi, ndiye kulota sikuthandiza. Mita ndiyo imanena zoona. Yezani tiwiritiwiri. Tiwiri tomwe tapereka ma ohm ambiri ndi S ndi R, kotsalako ndi C. Kuchokera pa C, kopereka ma ohm ochepa kawirikawiri ndi R. Ziwerengero ziwiri zing'onozing'ono mukaziphatikiza zikwane chachikulucho: mwachitsanzo 12 ndi 18 zipereke 30. Kenaka yezani kamsomali kalikonse ndi chitsulo cha kompuresa. Mita ikaonetsa kuti magetsi akudutsa, kompuresayo yathadi, relay yatsopano siingaidzutse.

Kulumikiza kwake nkosavuta. Overload imakhala pa C, ndipo kawirikawiri waya wochokera ku thermostat umalowera pamenepo. Waya winawo umapita pa R, relay nkukhala pakati pa R ndi S. Mukasemphanitsa S ndi R, koyilo yodzutsira, ya waya wowonda, imagwira ntchito yosakhala yake mpaka kupsa.

Posankha relay, maonekedwe asakunyengeni. Magetsi athu ndi a 230 V, ndipo PTC zake zambiri zimalembedwa 15, 22 kapena 33 ohm. Ya 4.7 ohm ndi ya mafiriji a 115 V monga a ku America. Mafiriji akale ali ndi relay ya koyilo, imene iyenera kuima chilili chifukwa kachitsulo ka mkati kamagwa ndi kulemera kwake kuti kadule magetsi. Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi chizolowezi cha amisiri ena chochotsa overload nkulumikiza waya wachindunji kuti kasitomala aone firiji ikulira. Kumeneko nkumubera munthu kompuresa, nkumuikanso pa ngozi ya moto, makamaka poti mafiriji ambiri atsopano ali ndi gasi wa R600a amene amayaka.

Relay yatsopano nayo imafa msanga ngati magetsi akuthima nkuyaka pompopompo. Kambale ka PTC kamafuna kuzizira kaye, ndipo gasi wa m'mapaipi amafuna kukhazikika, apo ayi mota imakanika kudzuka. Magetsi akathima, zulani pulagi, ndipo akabwera dikirani mphindi zisanu musanalumikize. Amene sakhala pakhomo masana agule fridge guard, imene imadikira yokha isanalowetse magetsi ndipo imadula akabwera ofooka.