Anayamba ndi Batani Limodzi: Momwe Mwana Wathu Anaphunzirira Kupanga App

M'nyumba mwathu muno mu Johannesburg, mkangano wa madzulo alionse unali wa foni. Mtsikana wathu, amene pa nthawiyo anali ndi zaka 15, akangofika kuchokera kusukulu maso anali pa sikirini mpaka nsima kuzizira. Tsiku lina nditatopa ndinamufunsa kuti, "Iwe, zinthu ukungodinadinazi ukudziwa kuti anapanga ndi anthu? Bwanji osapanga zako?" Ine ndinkangokalipa, koma mwana anazitenga zenizeni. M'mawa mwake anandiuza kuti apanga app yoposa WhatsApp.

Patatha milungu itatu anali atasiya. Mavidiyo a pa YouTube anaonera ambirimbiri, koma panalibe chilichonse chimene chinayenda pafoni yake. "Amayi, izi n'za anthu anzeru," anatero. Mawu amenewo anandipweteka kuposa nsima yozizira ija.

Amalume ake, amene amagwira ntchito zamakompyuta, atamva nkhaniyi anangoseka. Anati nzeru mwanayu ali nazo, kungoti wayamba ndi katundu amene ngakhale akatswiri amanyamula ali gulu. Anamulangiza kuti apange kanthu kakang'ono koti n'kutha Loweruka limodzi, ndiponso kakhale kanthu koti wina m'nyumbamo akagwiritse ntchito.

Anamuonetsa MIT App Inventor. Ndi chida chaulere chimene chinayambira ku Google mu 2010, ndipo pano chimasamalidwa ndi yunivesite ya MIT ku America. Chimatsegulidwa pa intaneti, choncho laputopu yakale imakwanira. Munthu salemba code ndi manja, amangolumikiza timabuloko tamitundumitundu ngati akuyala njerwa. Pafoni amaikapo MIT AI2 Companion, ndipo chilichonse chimene wasintha pa kompyuta chimaonekera pafonipo nthawi yomweyo.

App yoyamba inali yanga. Mwezi uliwonse ndimatumiza ndalama kwa mayi anga ku Dedza, ndipo ndinkavutika kuwerengera kuti ma rand akuti akhala makwacha angati. Mwana anaika zinthu zitatu basi: kabokosi kolembamo ma rand, batani limodzi, ndi malo otulukira yankho. Madzulo a tsiku lomwelo kanthu kaja kankayenda. Anakuwa ngati wagoletsa chigoli.

Mu November 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo ka app kaja kanayamba kunama. Mtengo wosinthira ndalama anali ataukhomera m'kati, ngati kuti sudzasintha. Anakhumudwa, koma pasanathe ola anawonjezera kabokosi kachiwiri koti ndizilembamo mtengo wa tsiku limenelo. Pamenepo anamvetsa chimene mavidiyo aja ankachitcha variable: malo osungira nambala imene imatha kusintha. Bambo ake nawo anadina batani osalemba kanthu, app n'kusokonezeka. Anaphunzira kuti wopanga app ayenera kuganizira ngakhale munthu wodina mosayenera.

Yachiwiri inali ya chipereganyu chathu, chimene anzathu akuno amachitcha stokvel. Tilipo amayi asanu ndi atatu, ndipo funso lakuti mwezi uno walandira ndani linkadzetsa timawu. Mwana analemba mndandanda wa maina ndi miyezi, n'kundionetsa monyadira. Atatseka app n'kuitsegulanso, maina onse anali atafufutika. Apa m'pamene anadziwa TinyDB, kachipangizo ka mu App Inventor kosunga zinthu m'foni momwemo ngakhale mutaizimitsa. Kope lathu sitinalitaye ayi, ndipo tinagwirizana kuti manambala a kubanki asalowemo. Koma mikangano inachepa.

Yachitatu ndi imene imandigwetsa misozi. Mlongo wake wamng'ono anabadwira konkuno. Ukamulankhula Chichewa amayankha m'Chingerezi kapena Chizulu, ndipo agogo akaimba foni ankathawira kuchipinda chifukwa cha manyazi. Mchemwali wakeyo anaganiza zomupangira kamasewera: pa sikirini paoneke chithunzi, ukachidina pamveke dzina lake. Mawu anakana kujambula yekha. Anapempha agogo ku Dedza kuti azimutumizira pa WhatsApp, liwu limodzilimodzi: mtondo, munsi, lichero, mthiko, nkhokwe. Mauthenga ena sankamveka bwino mu app mpaka ataphunzira kuwasandutsa MP3. Agogo nawo sankangotchula liwu n'kusiya. Pa "nkhokwe" anafotokoza mphindi zinayi za chaka cha njala, ndipo mtsikana anamvetsera zonse asanadule kachigawo kamene ankafuna. Lero mnyamata uja foni ya agogo amailanda.

Mukaona bwino, ntchito iliyonse inamuphunzitsa chinthu chimodzi: yoyamba kulandira nambala n'kuwerengera, yachiwiri kusunga, yachitatu zithunzi ndi mawu. Zimenezi ndi zomwe zili m'kati mwa ma app akuluakulu, kungoti mmenemo zachuluka n'kulukanalukana. Akuluakulu sananame kuti pang'onopang'ono ndi mtolo.

Timabuloko tikayamba kumuchepera mwana, njira zilipo zitatu zodziwika. Ya Android ndi chinenero cha Kotlin pa Android Studio, yomwe ndi yaulere koma imafuna kompyuta yamphamvuko. Ya iPhone ndi Swift, imene Apple inatulutsa mu 2014, ndipo chida chake chachikulu, Xcode, chimayenda pa Mac basi. Palinso Flutter ya Google, yolembedwa m'chinenero cha Dart, imene imalola kulemba kamodzi n'kutulutsa app ya mafoni a mitundu yonse iwiri. Wathu anasankha Flutter, ndipo ntchito yake yoyamba inali kupanganso ka app ka makwacha kaja, ulendo uno polemba code yeniyeni. Popeza ankadziwa kale chimene kayenera kuchita, anangolimbana ndi kalembedwe kokha.

Makolo anzanga, musathamangire kulipira maphunziro odula mwana asanamalize kanthu kamodzi kakang'ono. Musathamangirenso kuika app pamsika. Google Play imalipiritsa madola 25 kamodzi, Apple madola 99 chaka chilichonse, ndipo zonsezi zimafuna munthu wamkulu. Pa Android, fayilo ya APK mukhoza kungoitumiza kwa achibale n'kuiika m'mafoni mwawo.

Inu simukuyenera kudziwa code. Ine mpaka lero sindiidziwa. Ntchito yanu ndi kumupatsa vuto lenileni la m'nyumba, kugwiritsa ntchito chimene wapanga, ndi kumuuza mwachilungamo pamene chalakwika. Sabata yatha agogo anatumiza mawu ena khumi osapemphedwa, n'kufunsa kuti kodi makina a mdzukulu wawo adakali ndi malo.