Chinsalu Chachikulu ndi Magalasi a 3D: Kodi Mafilimu a Ngwazi Amafunadi Zonse Ziwiri?

Mafilimu a ngwazi zochokera m'timabuku ta nkhani zazithunzi ta makampani a Marvel ndi DC, monga Superman, Batman, Spider-Man ndi Black Panther, akhala akudzaza nyumba zoonetsera kanema kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo filimu yotere ikatuluka, wogula tikiti mumzinda waukulu ngati London, Toronto kapena Johannesburg nthawi zina amafunsidwa kuti asankhe pakati pa chipinda cha masiku onse ndi chipinda cha IMAX 3D, chimene mtengo wake ndi wokwera ndithu. Otsatsa malonda amatchula IMAX 3D ngati chinthu chimodzi, pomwe tikiti imeneyi imamanga pamodzi zinthu ziwiri zosiyana, zimene nthawi zina zimathandizana koma kawirikawiri zimalimbana. Choyamba ndi kukula kwa chinsalu choonetserapo kanema pamodzi ndi mphamvu ya mawu ake. Chachiwiri ndi 3D, luso lochititsa woonera wovala magalasi apadera kuona ngati chithunzi chili ndi kuya, zina zili pafupi ndi nkhope yake ndipo zina zili kutali. Funso loti ndalama yowonjezerayo ikupita pabwino silingayankhidwe moona pokhapokha ziwirizi zitalekanitsidwa.

Kampani ya IMAX inayambira ku Canada m'chaka cha 1967, ndipo filimu yake yoyamba, Tiger Child, inaonetsedwa pa chionetsero cha mayiko onse cha ku Osaka, m'dziko la Japan, mu 1970, kenaka chaka chotsatira nyumba yake yoyamba yokhazikika, yotchedwa Cinesphere, inatsegulidwa ku Toronto. Chinsinsi chake chinali lamba wa filimu wa mamilimita 70 amene amayenda chopingasa m'makina, osati chotsika monga malamba ena, kotero kuti chithunzi chimodzi chimatenga malo a timabowo 15 ta m'mphepete mwa lambayo ndipo chimaposa pafupifupi kakhumi chithunzi cha lamba wamba wa mamilimita 35. Chithunzi chachikulu chotere chikhoza kukuzidwa pa chinsalu chotalika ngati nyumba ya nsanjika zingapo popanda kuchita chimbuuzi. Chinsalu cha BFI IMAX ku London, mwachitsanzo, ndi cha mamita 20 msinkhu wake ndi mamita 26 m'lifupi mwake. Kwa zaka zambiri nyumba zimenezi zinkamangidwa makamaka pa malo osungirako zinthu zakale ndi ophunzitsirako sayansi, ndipo zinkaonetsa mafilimu afupiafupi a zamlengalenga, zam'nyanja ndi zinyama. Mafilimu aatali a ku Hollywood anayamba kulowamo mwamphamvu mu 2002, pamene filimu ya Apollo 13 inakonzedwanso pa kompyuta kuti iyenerane ndi chinsalu chachikulu.

Kusintha kumene kumakhudza kwambiri wogula tikiti wa lero kunachitika mu 2008, pamene kampaniyi inayamba kuika makina a digito, ndiko kuti oonetsa zithunzi zosungidwa pa kompyuta m'malo mwa lamba, m'zipinda za nyumba za kanema zimene zinalipo kale. Zipinda zambiri zotere zinangokonzedwa pochotsa mizere yakutsogolo ya mipando ndi kusendeza chinsalu pafupi ndi anthu, ndipo zinsalu zake n'zocheperapo kwambiri poyerekeza ndi za nyumba zoyambirira, ngakhale kuti dzina lolembedwa pakhomo ndi lomwelo. Dandaulo la nkhaniyi linamveka kwambiri mu 2009, pamene wanthabwala wa ku America Aziz Ansari analemba poyera kuti analipira mtengo wa IMAX kuti aonere Star Trek koma anapeza chinsalu chosasiyana kwenikweni ndi cha masiku onse. Kumapeto kwa 2014 kampaniyi inabweretsa makina owalitsa ndi laser m'malo mwa nyale, amene amatulutsa chithunzi chowala bwino ndi mdima wakuda bii pamene pafunika mdima. Zotsatira zake n'zakuti dzina limodzi likuphimba zipinda za mitundu itatu zosafanana mphamvu, ndipo za lamba wa mamilimita 70 zatsala zowerengeka, moti filimu ya Oppenheimer mu 2023 inaonetsedwa mwa njira imeneyi m'nyumba 30 zokha padziko lonse.

Chinsalu chikakhala chachikuludi, chotsatira n'kufunsa ngati filimuyo inajambulidwa ndi cholinga chochidzaza. Mafilimu ambiri amakono ndi otambalala, pa mita imodzi iliyonse ya msinkhu pamakhala mamita 2.39 a m'lifupi, pomwe chinsalu cha IMAX ya digito chili pa muyezo wa 1.90 ndipo cha IMAX yoyambirira chili pa 1.43, kutanthauza kuti n'chachitali kwambiri chokwera m'mwamba. Filimu yotambalala ikaonetsedwa pa chinsalu chotere, kumwamba ndi kunsi kumatsala mizere yakuda, ndipo woonera walipirira malo amene sakugwira ntchito. Wotsogolera mafilimu Christopher Nolan ndiye anatsegula njira ina mu 2008 pojambula mphindi pafupifupi 28 za filimu ya Batman ya The Dark Knight ndi makamera enieni a IMAX, amene ndi olemera, aphokoso, ndipo lamba wake amatha pakangopita mphindi zitatu. Mu The Dark Knight Rises ya 2012 anawonjezera mpaka kupitirira ola lathunthu. Kampani ya Marvel inatsatira pogwiritsa ntchito makamera a digito a IMAX opangidwa mogwirizana ndi kampani ya Arri ya ku Germany, poyamba pa nkhondo ya pabwalo la ndege mu Captain America: Civil War ya 2016, kenaka pa mafilimu athunthu a Avengers: Infinity War mu 2018 ndi Avengers: Endgame mu 2019. Pa muyezo wa 1.90 woonera amaona chithunzi chochuluka ndi magawo 26 pa 100 alionse kuposa wa m'chipinda wamba, ndipo kwa mafilimu a ngwazi phindu limeneli ndi lenileni, chifukwa nkhani zake zimayenda chokwera ndi chotsika: anthu amauluka, amagwa kuchokera pamwamba pa nyumba zazitali, ndipo chimphona ngati Hulk kapena Thanos chimaima pambali pa munthu wamsinkhu wamba.

Nkhani ya 3D ili ndi muzu wake wosiyana. Maso a munthu ndi otalikirana masentimita asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono, choncho lililonse limaona chinthu kuchokera kumbali yake, ndipo ubongo umayeza kutalika kwa chinthucho pofanizira zithunzi ziwirizo, monga anafotokozera wasayansi wa ku Britain Charles Wheatstone mu 1838. Kanema wa 3D amatsanzira zimenezi poika zithunzi ziwiri pa chinsalu chimodzi, ndipo ntchito ya magalasi ndi kusefa kuwala kuti diso lamanja lilandire chithunzi chake chokha, lamanzere chimodzimodzi. Pali njira ziwiri zopezera zithunzi ziwirizo. Ina ndi kujambula ndi makamera awiri omangidwa pamodzi, monga anachitira James Cameron pa Avatar ya 2009, filimu imene kupambana kwake pa malonda kunachititsa makampani onse a ku Hollywood kuthamangira 3D. Ina ndi kujambula ndi kamera imodzi, kenaka akatswiri ambirimbiri a kompyuta n'kudula munthu aliyense ndi chinthu chilichonse m'chithunzi, kuchipatsa malo ake a kuya, ndi kupenta pamanja mbali zakumbuyo zimene kamera sinazione koma diso lachiwiri likuyenera kuziona.

Njira yachiwiriyi ikhoza kutuluka bwino ikapatsidwa nthawi, pakuti kusandutsa Titanic kukhala ya 3D mu 2012 kunatenga masabata 60 ndi madola 18 miliyoni, koma ikachitidwa mothamanga, monga zinachitikira Clash of the Titans mu 2010 m'masabata ochepa chabe, anthu a m'filimu amaoneka ngati zidole zodulidwa pa katoni zoimikidwa motsatizana. Chofunika kudziwa n'chakuti mafilimu ambiri a ngwazi amadutsa njira yachiwiriyi. Kuyambira pa Thor ya 2011, mafilimu a Marvel Studios amene anatuluka mu 3D anachita kusandutsidwa atajambulidwa kale, ndipo ojambulidwa ndi makamera awiri, monga The Amazing Spider-Man ya 2012 ndi X-Men: Days of Future Past ya 2014, ndi ochepa. Luso losandutsali lapita patsogolo kwambiri, makamaka popeza mbali yaikulu ya zithunzi za mafilimu amenewa imapangidwa kale pa kompyuta, koma vuto lake lalikulu silili pa luso. Wotsogolera filimu amene anaika kamera, kusankha kuwala ndi kulumikiza zigawo akuganizira chithunzi chafulati, sanafunse kuti kuya kuthandiza bwanji nkhani yake, ndipo 3D yobwera pambuyo imangokhala chokometsera chowonjezera mtengo wa tikiti.

Mtengo wina, umene sulembedwa pa tikiti, ndi kuwala. Zosefera za pa makina ndi za m'magalasi zimadya kuwala koposa theka kusanafike m'diso, ndipo m'zaka zotsatira Avatar nyumba zambiri zinkaonetsa 3D ndi kuwala kongofika pa gawo limodzi mwa magawo atatu a muyezo wovomerezeka wa kanema wamba. Wounika mafilimu wotchuka wa ku Chicago Roger Ebert anatchula mdima umenewu pakati pa zifukwa zake zokanira 3D m'nkhani imene analemba m'magazini ya Newsweek mu 2010. Kwa mafilimu a ngwazi kutayika kumeneku n'kopweteka, chifukwa nkhondo zake zambiri zimachitika usiku, m'fumbi, mu utsi kapena m'mvula, ndiponso chifukwa mitundu yowala ya zovala za ngwazi, imene ndi cholowa cha timabuku tija, ndiyo imayamba kuzilala. Apa chilungamo chikufuna kuti IMAX ipatsidwe ulemu wake. Makina ake a digito oyambirira ndi mapulojekita awiri, imodzi ya diso lililonse, choncho chithunzi chake cha 3D chimawala kuposa cha zipinda zodalira pulojekita imodzi, ndipo chinsalu chodzaza maso chimachepetsa vuto la chinthu chooneka ngati chatulukira kunja koma n'kudulidwa ndi m'mphepete mwa chinsalu. Munthu amene watsimikiza kuonera 3D sangapeze malo ambiri oposa amenewa, ngakhale kuti magalasi a makina a nyale aja amafuna kuti mutu ukhale woongoka, popeza ukapendekeka zithunzi ziwirizo zimayamba kulowererana.

Palinso vuto limene kuwala kochuluka sikungalithetse, ndipo amene analifotokoza momveka ndi Walter Murch, katswiri wolumikiza zigawo za mafilimu, m'kalata yake kwa Ebert mu 2011. M'moyo wa tsiku ndi tsiku maso amachita ntchito ziwiri pa mtunda umodzi, kulunjikitsana pa chinthu ndi kusintha diso lililonse kuti chinthucho chioneke bwinobwino. Mu 3D ntchito ziwirizi zimapatukana, chifukwa chithunzi chenicheni chimakhala pa chinsalu nthawi zonse pomwe maso akukakamizidwa kulunjika patsogolo kapena kumbuyo kwake, ndipo kulimbana kumeneku ndiko kumabweretsa kutopa kwa maso ndi litsipa kwa anthu ena. Ubongo umafunanso kanthawi kuti uzolowere kuya kwa chithunzi chatsopano chilichonse. Mafilimu a ngwazi amachita zotsutsana ndi chosowa chimenechi, pakuti pa nthawi ya nkhondo chithunzi chimasintha pafupifupi sekondi iliyonse, kamera ikugwedezeka, ndipo zithunzi 24 pa sekondi, umene ndi muyezo wa kanema kuyambira kale, sizikwanira kusalaza liwiro lotero pa chinsalu chachikulu. Kupirira zimenezi kwa mphindi 181 za Avengers: Endgame si nkhani yaing'ono, makamaka kwa ana ndi kwa ovala kale magalasi a maso. Aliponso anthu amene saona kuya kwa mtundu umenewu n'komwe chifukwa diso limodzi ndi lofooka kapena maso salunjika pamodzi, ndipo mmodzi wa iwo anali André de Toth, wa diso limodzi, amene anatsogolera House of Wax, filimu yotchuka ya 3D ya mu 1953. Kwa otere tikiti ya 3D imangogula chithunzi chamdima.

Mafilimu a ngwazi amene 3D imawayenera alipo, ndipo amadziwika ndi chinthu chimodzi, chakuti malo ndi mtunda ndi mbali ya nkhani yeniyeniyo. Mu Doctor Strange ya 2016 misewu ndi nyumba za New York zimapindika ndi kulowana, ndipo kuya kumathandiza woonera kuzindikira kumene kuli kumwamba ndi kumene kuli pansi. Mu Ant-Man ya 2015 ngwaziyo imachepa kufika pa msinkhu wa nyerere, choncho kusiyana kwa chapafupi ndi chakutali ndiko kumapereka mantha ndi chisangalalo. James Gunn anayang'anira yekha ntchito yosandutsa filimu yake ya Guardians of the Galaxy mu 2014, ndipo kusamala kwake kumaoneka m'zigawo za mlengalenga. Mafilimu ojambulidwa pa kompyuta kuyambira pachiyambi, monga Spider-Man: Into the Spider-Verse ya 2018, ali ndi mwayi wapadera, popeza diso lachiwiri limapezeka poika kamera yachiwiri mkati mwa kompyuta momwemo popanda kudula kapena kupenta chilichonse.

Oonera ambiri anaonetsa ndi matumba awo kuti 3D siyenera filimu iliyonse. Nolan anakana 3D pa mafilimu ake onse a Batman, Deadpool ya 2016 inaonetsedwa mu IMAX popanda magalasi ndipo inapeza madola oposa 780 miliyoni, ndipo mu 2017 Greg Foster, mmodzi wa akuluakulu a IMAX, analengeza kuti kampaniyo ichepetsa zionetsero za 3D ku North America chifukwa makasitomala aonetsa kuti akukonda chithunzi wamba. Umboni wonsewu ukuloza mbali imodzi. Chinsalu chachikulu n'choyenera ndalama yake pamene chipindacho n'chachikuludi, makamaka cha laser kapena cha lamba wa mamilimita 70, ndiponso pamene filimuyo inajambulidwa kuti idzaze msinkhu wa chinsalucho, zimene makampani amalengeza filimu isanatuluke. Magalasi ndi oyenera mafilimu ochepa okha amene opanga ake anaganizira kuya kuyambira pachiyambi. Kumene nyumba ya kanema ikupereka IMAX ya mitundu yonse iwiri pa filimu ya nkhondo zothamanga ndi zamumdima, yopanda magalasi ndiyo imaonetsa zambiri za zimene anajambula, ndipo kumene ikupereka ya 3D yokha, mpando wa pakati penipeni, chakumbuyo pang'ono, umachepetsa kupendeka kwa mutu ndi kutopa kwa maso kuposa mizere yakutsogolo kapena yam'mbali.